Za Kumvetsera Mwana Asanabadwe, ndi Zotupa Zobadwa Nazo

Munthu akakhala pa khonde la sikelo ya amayi oyembekezera m'zipatala za ku Mangochi, adzamva ntchito imodzi ikutchulidwa ndi maina atatu. Mayi wina ati, "Andiuza kuti akandijambule." Wina ati, "Akandiunika m'mimba." Ndipo amene anapitako kusukulu angoti "sikani," ndiwo mau a Chingerezi amene alowa m'chinenero chathu posachedwapa. Onsewa anena za makina amene Angerezi awatcha ultrasound, oonetsa mwana ali m'chiberekero cha amake. Ife amene ntchito yathu ndiyo kusanthula mau tiyenera kufunsa ngati mainawa alondola chinthucho, pakuti mayi amvera kapena kukana malangizo a kuchipatala monga mwa zimene mau amuuza.

Kujambula kumene tikudziwa kufuna kuwala, ndipo kuunika ndi ntchito ya nyali, monga achitira asodzi a usipa usiku wopanda mwezi. Kuchipatala kulinso kujambula kwina, kwa ekisire, koonera mafupa othyoka, ndipo kumeneko kuli cheza champhamvu chimene madokotala safuna kuchilozetsa pa mwana wosabadwa popanda chifukwa chachikulu. Tsono mayi amene anamva kuti ekisire siyenera woyembekezera, nauzidwa m'mawa mwake kuti akamjambula, sitingamdzudzule akachita mantha. Koma makina amene tinena pano alibe nyali, alibenso cheza. Ntchito yawo ndiyo kuitana ndi kumvetsera.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi mapiri a ku Chembe kapena a ku Monkey Bay adziwa chimene chichitika munthu akafuula ali m'bwato moyang'ana thanthwe: liu lake lipita, ligunda mwala, libwerera kwa mwini wake. Akale analitcha liu lobwereralo namalowe. Thanthwe likakhala pafupi namalowe ayankha msanga, likakhala patali achedwa. Chotero munthu wodziwa liwiro la liu angathe kuyeza mtunda wa pakati pa iye ndi thanthwelo osatuluka m'bwato, ngakhale kuli mdima wandiweyani. Mleme uchita zomwezo usiku uliwonse. Cha m'ma 1794 wansembe wina wa ku Italy, Lazzaro Spallanzani, ndi anzake anaonetsa kuti mleme wosaona uuluka bwinobwino osagunda kanthu, koma ukatsekedwa makutu usokonezeka. Kulira kwa mlemewo ife sitikumva. Liu lililonse lichokera ku chinthu chonjenjemera, monga chikopa cha ng'oma, ndipo khutu la munthu lileka kumva pamene kunjenjemerako kwapitirira maulendo 20,000 pa sekondi imodzi. Liu lopitirira pamenepo ndilo Angerezi alitcha ultrasound.

Anayamba kulipezera ntchito liu lotere ndi anthu a panyanja. Sitima ya Titanic itagunda phiri la madzi oundana ndi kumira mu 1912, ndipo nkhondo yaikulu yoyamba itabweretsa sitima zoyenda pansi pa madzi, akatswiri monga Paul Langevin wa ku France anapanga zida zotumiza liu m'madzi ndi kulandira namalowe wake. M'madzi liu liyenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi. Nyanja yathu, pamene yazama kopambana cha kumpoto, ifika mamita ngati 700. Liu lotumizidwa pamenepo lipita pansi ndi kubwerako sekondi isanathe. Aphunzitsi a masamu angaikonde samu imeneyi, chifukwa mwana wa kunyanja aimva msanga.

Nkhani yakuti chidacho chinachoka bwanji panyanja ndi kulowa m'chipatala itifikitsa ku Glasgow, mzinda umene sunayambe lero kukhudza dera lino. Kumeneko David Livingstone anaphunzira zaudokotala asanafike, mu Sepitembala 1859, pamene Shire atuluka m'nyanja. Kumenekonso, ku Scotstoun pa mtsinje wa Clyde, sitima ya Ilala inamangidwa mu 1949, nibwera zidutswazidutswa, niyamba ntchito yake panyanja yathu mu 1951. Tsidya lina la mtsinje womwewo, ku Renfrew, kunali fakitale ya Babcock and Wilcox, kumene ankayeza zitsulo ndi liu kuti aone ngati zili ndi ming'alu m'kati. Mu Julayi 1955 Ian Donald, mphunzitsi wamkulu wa zauchembere pa Yunivesite ya Glasgow, anapita ku fakitaleyo atanyamula zotupa zimene anali atazichotsa kumene m'mimba za odwala ake, nayesa chida cha zitsulocho pa izo. Anapeza kuti chotupa cha madzi chiyankha mosiyana ndi chotupa cha mnofu. Pothandizana ndi dokotala mnzake John MacVicar ndi mmisiri wachinyamata Tom Brown, wa kampani ya Kelvin and Hughes, anapanga makina oonetsa chithunzi. Mayi wina amene madokotala anali atamtaya, poganiza kuti ali ndi khansa ya m'mimba yosachizika, anapezeka ndi makinawo kuti ali ndi thumba lalikulu la madzi, analichotsa, nachira. Atatuwa anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya The Lancet mu Juni 1958. Taonani kuti chida chimene lero tichidziwa ngati choonera ana chinayambira pa zotupa.

Kagwiridwe kake nkotere. Mzamba kapena dokotala apaka mafuta oterera pamimba pa mayi, chifukwa liu lotere silidutsa mu mpweya, ndipo ngakhale kampweya kakang'ono ka pakati pa chida ndi khungu kalibweza lonse. Ndiye ayendetsa pamimbapo kachida kokwana m'dzanja, kamene kanjenjemera maulendo oposa 3,000,000 pa sekondi. M'thupi liu liyenda mamita 1,540 pa sekondi, kotero kuti kupita masentimita 10 ndi kubwerako ndi kanthawi kochepetsetsa, ndipo makina angathe kuitana ndi kumvetsera koposa maulendo 1,000 sekondi isanathe. Namalowe aliyense aikidwa pa galasi ngati kadontho, pamalo poyenerana ndi kuchedwa kwake. Madzi sabweza liu, chotero aoneka akuda; fupa libweza kwambiri, lioneka loyera; mnofu uli pakati, wotuwa ngati phulusa. Mwana wosabadwa ndiye woyenera chida chimenechi koposa wodwala wina aliyense, pakuti akhala m'madzi, ndipo chilichonse chotuluka pa thupi lake chioneka bwino pa mdima wa madziwo.

Tifike tsono ku mau achiwiri ovuta, ndiwo "chotupa." M'Chichewa mau amenewa anyamula katundu wambiri. Phazi lolumidwa ndi njuchi ndi lotupa. Chithupsa ndi chotupa. Mwanabele ndi chotupa. Ndipo masiku ano anthu ambiri akamva dokotala akunena za chotupa, mtima wawo uthamangira ku khansa, ndi ku manda. Chotupa chimene tinena pano ndi mnofu wokula pawokha, wosamvera malire amene ziwalo zina zimvera. Zina mwa zotupa zotere zikula pamalo pamodzi osafalikira. Zikachotsedwa, nkhani yatha. Zina zilowerera m'ziwalo zoyandikana ndi kutumiza mbewu zake kutali, ndipo zimenezi zokha ndizo khansa. Kusiyana kumeneku nkofunika kwambiri pa ana obadwa kumene, chifukwa zotupa zambiri zimene mwana abadwa nazo si khansa ayi.

Chodziwika koposa mwa izo ndi chimene chimera pa kafupa kotsiriza ka msana, pakati pa matako, chimene madokotala achitcha sacrococcygeal teratoma. Chiyambi chake chili m'masabata oyambirira enieni a pathupi. Panthawiyo mwana ndi kambulumbulu ka maselo, ndipo maselo oyambawo ali ndi mphamvu yosanduka chilichonse: khungu, fupa, matumbo, ubongo. Aliyense apita kumalo kwake nakhala chimene anayenera kukhala. Koma mwa apo ndi apo, ochepa atsalira kumapeto kwa msana, napitiriza kukula popanda dongosolo. Chifukwa chake chotupa chotere chikang'ambidwa mupezeka zodabwitsa: tsitsi, tizidutswa ta fupa, mafuta, mnofu wonga wa matumbo, nthawi zina ngakhale dzino. Chingathe kukhala ngati dzira la nkhuku, chingathenso kuposa mutu wa mwanayo. Ana aakazi achipeza katatu kapena kanayi kuposa aamuna.

Sikovuta kuganiza zimene zinganenedwe pamudzi mwana akabadwa ndi chinthu chotere. Wina adzati ndi mapasa amene mfiti inawaphatikiza. Wina adzafunsa chimene mayi anadya, kapena kumene bambo anayenda. Tisafulumire kuseka, pakuti a ku Ulaya anachita mantha omwewo. Dzina lakuti teratoma, limene Rudolf Virchow wa ku Germany analilemba mu 1863, lichokera ku mau a Chigiriki otanthauza chilombo kapena malodza. Ine ndiyesa kuti limeneli ndi dzina limodzi losayenera kulimasulira. Tikafuna mau athu, tingonena kuti "chotupa cha kumatako chobadwa nacho." Ndi lalitali, koma silitukwana mwana, ndiponso silipatsa munthu mlandu. Chotupachi sichibwera chifukwa cha chakudya, kapena chigololo, kapena kulumpha mwambo uliwonse, ndipo mayi amene wabala mwana wotere kawirikawiri abala ena opanda vuto.

Kodi chichitika kangati? Mabuku a zachipatala ati mwana mmodzi mwa ana 35,000 kapena 40,000 obadwa. Chiwerengero chotere chimveka ngati nkhani ya kutali, kufikira titachiika pa dera lathu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma la Mangochi. Tikawerengera kuti pa anthu 1,000 alionse pabadwa ana oposa 30 pa chaka, monga zikhalira m'dziko muno, tipeza kuti m'bomali mubadwa ana oposa 34,000 chaka chilichonse. Ndiye kuti, ngati chiwerengero cha m'mabukucho chigwira kuno monga chigwirira kwina, chaka ndi chaka kuli banja limodzi, kapena ku Makanjira, kapena ku Namwera, kapena ku Nankumba, limene nkhaniyi iligwera.

Ngati chotupachi si khansa, choopsa chake nchiyani? Choyamba chichitika mwana akali m'mimba. Chotupa cha mnofu chili ndi mitsempha yambiri, ndipo magazi onse oyenda m'menemo awapopa ndi kamtima ka mwanayo. Chotupa chikakula msanga, mtima ugwira ntchito ya anthu awiri, nutopa. Madzi ayamba kudzaza pansi pa khungu la mwana, m'chifuwa ndi m'mimba mwake. Nsengwa nayo itupa, ndipo madzi a m'chiberekero achuluka. Zikafika pamenepo mwana kawirikawiri safika tsiku lobadwa. Chodabwitsa nchakuti mayi nayenso ayamba kutupa miyendo ndi nkhope, ndipo magazi ake athamanga, ngati kuti thupi lake likutsanzira la mwana. John William Ballantyne wa ku Edinburgh anafotokoza za kutupa kwa mayi ndi mwana pamodzi mu 1892. Owerenga odziwa miyambo aona kale pamene pali msampha. Kutupa thupi ndi chimodzi cha zizindikiro zimene makolo anazimangirira ku mdulo kapena tsempho, umene Ayao autcha ndaka. Ndipo pamene akuluakulu akhala pansi kufunsa amene walakwa, masiku apita, ndipo moyo wa mayiyo uli pangozi.

Choopsa chachiwiri ndi cha tsiku lochira, ndipo kwa ife a kuno ndicho chachikulu. Mutu wa mwana utuluka bwino, mapewa atuluka, ndiye mwana aima, pakuti chimene chatsalira m'mbuyo nchachikulu kuposa njira. Mzamba amene sanadziwe kanthu kale sangaone chimene chagwira mwanayo. Akakoka, chotupa chingang'ambike. Mwana wobadwa kumene wa makilogalamu 3 ali ndi magazi ngati mamililita 250, osadzaza ngakhale botolo la Fanta; ataya pang'ono chabe, wapita. Mayi nayenso angang'ambike chiberekero. Chifukwa chake madokotala alangiza kuti chotupa chikaposa masentimita 5, mwana abadwe ndi opaleshoni, pa tsiku losankhidwa, pamalo pamene pali magazi ndi dokotala wodziwa opaleshoni ya ana.

Choopsa chachitatu ndi kuchedwa. Mu 1974 dokotala wa ku America, R. Peter Altman, ndi anzake anasanthula nkhani za ana 405 amene anali ndi chotupachi, nazigawa m'mitundu inayi monga mwa malo ake: cha kunja kwenikweni, cha kunja koma cholowa m'chiuno, cha m'kati kwambiri chongosuzumira kunja, ndi chobisika chonse m'kati. Anapeza kuti mwa ana amene chotupa chinadziwika asanakwane miyezi 2, khansa inapezeka mwa mmodzi pa khumi kapena kucheperapo. Koma mwa amene chinadziwika pambuyo pake, inapezeka mwa theka kapena kuposa. Ambiri mwa ochedwawo anali a chotupa chobisika, chimene palibe anachiona kufikira mwana atayamba kuvutika pokodza kapena pochita chimbudzi. Chotupa chobisikacho diso la mzamba silichiona, koma liu lichipeza.

Apa mpamene tiona ntchito yeniyeni ya sikani. Iyo sichiza kanthu. Ku Philadelphia, mu 1997, N. Scott Adzick ndi anzake analengeza kuti anatsegula chiberekero, nachotsa chotupa chotere pa mwana wosabadwa, nambwezera m'kati, ndipo mwanayo anakhala ndi moyo. Koma opaleshoni yotere ichitika m'zipatala zowerengeka pa dziko lonse, ndipo kuno siichitika. Chimene sikani itipatsa ife ndi nthawi ya kukonza ulendo. Kuchokera ku Makanjira kufika pa boma ndi makilomita pafupifupi 100, pa msewu umene kwa zaka zambiri wasautsa anthu nyengo ya mvula. Kuchokera pa boma, kudzera ku Liwonde ndi Zomba, kufika ku Blantyre ndi makilomita ena pafupifupi 190. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli nyumba ya opaleshoni ya ana ya Mercy James, imene inatsegulidwa mu Julayi 2017, ndipo madokotala a opaleshoni ya ana monga Pulofesa Eric Borgstein agwira ntchito pa chipatalacho zaka zambiri. Mayi wodziwa miyezi iwiri isanafike nthawi yake ayenda ulendo umenewo atakhala pa mpando, ali ndi womdikirira, ufa ndi nkhuni zitakonzedwa. Wosadziwa auyamba usiku, matenda atamgwira kale, mwana ataima panjira, ndipo ulendo wotere ambiri saumaliza.

Makinawa si achilendo m'dera lino. Pakati pa 2003 ndi 2006, pa chipatala chaching'ono cha Lungwena, akatswiri a College of Medicine ndi a Yunivesite ya Tampere ya ku Finland analemba amayi oyembekezera 1,320 m'kafukufuku wa malungo ndi kubadwa masiku asanakwane, ndipo msinkhu wa pathupi pa aliyense unayezedwa ndi sikani. Mu 2011 ndi 2012 amayi ena 1,391 analembedwa pa chipatala cha boma, ku Malindi, ku Lungwena ndi ku Namwera m'kafukufuku wa zakudya, nayezedwanso chimodzimodzi. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera aonedwe ndi sikani kamodzi asanakwane masabata 24. Masiku ano kulinso timakina tating'ono toyendera batire, toonetsa chithunzi pa foni, tothandiza kumene magetsi avuta.

Komabe tisanyengedwe ndi kupezeka kwa makina. Kuyeza mutu ndi fupa la ntchafu kuti tidziwe masabata a pathupi ndi ntchito imodzi, imene mzamba aiphunzira m'masabata ochepa. Kuyendera mwana chiwalo ndi chiwalo, kuyambira ku ubongo kutsika ndi msana wonse mpaka kumatako, ndi ntchito ina, yofuna maphunziro aatali ndi nthawi yokwanira, ndipo ichitika bwino pakati pa sabata la 18 ndi la 22. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mzamba amene ali ndi amayi makumi asanu pa benchi adekha bwanji? Ndiponso chithunzi chingathe kunyenga. Pali vuto lina la kumsana, lochuluka kwambiri kuposa chotupachi, pamene mafupa a msana sanatsekeke ndipo kathumba ka madzi katulukira kunja. Pa galasi ziwirizi zifanana kufikira woona atayang'anitsitsa ngati msana uli wotseka, ndiponso ngati mutu wa mwana uli bwino. Zotupa zina zioneka m'miyezi yotsiriza yokha, kotero kuti sikani yabwino ya mwezi wachisanu siilonjeza kuti zonse zatha.

Kunena zoona, palibe chipatala chimene chiyenera kugula makina chifukwa cha mwana mmodzi mwa 35,000. Makina agulidwa chifukwa cha zinthu za tsiku ndi tsiku: kudziwa masabata a pathupi, kuona mapasa, mwana wokhala chopingasa kapena wotsogoza matako, nsengwa yotseka khomo la chiberekero. Chotupa chipezeka ngati kampango wokodwa mu ukonde wa utaka. Ndipo chimene chimtumiza mayi ku makinawo kawirikawiri ndi chida chotsika mtengo koposa zonse, ndiyo tepi ya mzamba. Pakati pa sabata la 24 ndi la 36, msinkhu wa mimba m'masentimita uyenderana ndi chiwerengero cha masabata. Mimba ikaposa masiku ake kwambiri, pali zifukwa zingapo: masiku anawerengedwa molakwika, kapena muli mapasa, kapena madzi achuluka. Madzi akachuluka pafunika kufunsa chifukwa chake, ndipo yankho limodzi mwa mayankho ambiri ndi chotupa.

Madziwo atiphunzitsanso za zotupa zina, zosowa koposa. Mwana ali m'mimba ameza madzi amene akhalamo nawakodzanso, ndipo kumeza ndi kukodzako kusunga muyeso wake. Chotupa cha pakhosi kapena cha m'kamwa chimletsa kumeza, madzi nachuluka. Ndipo mwana wotere pobadwa alephera kupuma, chifukwa njira ya mpweya yapanikizidwa. M'zipatala zazikulu za maiko ena atulutsa mutu ndi mapewa okha, nasiya mwana akulandirabe mpweya kudzera m'chingwe cha mchombo kufikira atamlowetsa paipi pakhosi. Pali chotupa cha impso chimene chichotsedwa pamodzi ndi impsoyo, mwana nakula bwino ndi imodzi yotsalayo. Palinso zotupa za mumtima zimene zambiri zichepa zokha mwana atabadwa, koma zichenjeza dokotala kuti mwanayo angadzadwale khunyu. Zonsezi tisazisokoneze ndi chotupa cha nsagwada chimene anthu a kunyanja achidziwa bwino, chimene Denis Burkitt anachifotokoza mu 1958. Icho ndi khansa ya ana okulirapo, yogwirizana ndi malungo, ndipo mwana sabadwa nacho.

Tibwerere ku mau, pakuti chithunzi chikaoneka pa galasi, wina ayenera kuchinena. Anthu ambiri a m'boma lino chinenero chawo cha kunyumba ndi Chiyao, pamene anamwino ambiri aphunzira m'Chingerezi nalankhula ndi odwala m'Chichewa. Chotero uthenga udutsa zinenero zitatu usanafike kwa agogo ndi kwa malume, amene m'mabanja ambiri ndiwo anena ngati mayi apita ku Blantyre kapena ayi. Pa ulendo wa uthengawo "chotupa" chingasanduke "khansa," "opaleshoni" ingasanduke "alephera," ndipo "mwana ali ndi vuto" angasanduke "muli chinthu chosakhala munthu." Pali mwambonso wakuti pathupi sipanenedwa poyera pakali pang'ono, poopa anthu oipa mtima, mwambowu uchedwetsa amayi ambiri kuyamba sikelo, ndipo amene ayamba mwezi wachisanu ndi chiwiri wadutsa kale nthawi yabwino ya sikani. Mau ofikira banja ayenera kunena zinthu m'dongosolo lake: kuti mwana ali moyo ndipo mtima wake ukugunda, kuti ali ndi chotupa pamalo akutiakuti, kuti palibe amene walakwa, kuti zotupa zotere zichotsedwa ndipo ana ambiri achira, ndi kuti njira ya kuchira ndiyo kukabadwira kumene kuli zida. Kuonetsa agogo galasilo, kuti aone okha kamtima kakugunda ndi timanja tikuyenda, kuposa kufotokoza kwa ola lathunthu.

Aphunzitsi anzathu angafunse kuti zonsezi ziwakhudza bwanji. M'midzi yambiri mphunzitsi ndiye amene amtengera buku la kuchipatala kuti awerenge zimene dokotala walemba, ndipo mau oyamba amene banja limva m'chinenero chake achokera pakamwa pake. Koma palinso china. Opaleshoni ya chotupachi ichitika m'masiku oyambirira mwana atabadwa, ndipo dokotala achotsa chotupa pamodzi ndi kafupa kotsiriza ka msana, chifukwa kafupako kakasiyidwa chotupa chibwerera mwa ana pafupifupi mmodzi pa atatu. Pambuyo pake mwana abwerera kuchipatala kwa zaka zitatu kapena kuposa, kukapimidwa thupi ndi kuyezedwa magazi, kuti chotupa chikayambanso chidziwike msanga. Ambiri akula, nayenda, nathamanga monga anzawo. Koma mitsempha yolamulira chikhodzodzo ndi matumbo idutsa pamalo pomwepo pamene chotupa chinali, ndipo ena mwa anawa atsala ndi vuto la kusunga mkodzo kapena chimbudzi. Patapita zaka zisanu ndi chimodzi mwana wotere afika mu Sitandade 1, kawirikawiri mtsikana, ali ndi chipsera kumatako chimene safuna kuti anzake achione posamba kunyanja, ndipo apempha kutuluka panja kawiri kapena katatu phunziro limodzi lisanathe. Mwana ameneyu amuike pafupi ndi khomo, amlole kutuluka osafunsa, ndipo akaona kuti vutolo likukula kapena kuti mwanayo adandaula kupweteka pokhala pansi, auze makolo kuti abwerere naye kuchipatala, atatenga buku lake lakale.